Golide wa Pansi pa Nyemba

Lameck Kayange anabwerera kwawo ku Chisenga ntchito ya upayoniya itatha, dziko litalowa m'zipani zambiri. Anafika ndi bulangete ndi nsapato za jombo basi. Banja linkadalira mkazi wake Dailesi, yemwe anali ndi dimba la nyemba ndi anyezi m'mbali mwa kamtsinje kotsika ku Mafinga.

Kumtunda kwa dimbalo kunali maenje akale amene azungu awiri anakumbitsa nthawi ya atsamunda. Malemu bambo ake a Lameck anagwirako ntchito, ndipo anamufotokozera mmene golide amayendera. Amachokera m'mizere ya mwala woyera m'phirimo. Mwalawo ukanyenyeka, madzi amamukokolola golideyo, koma poti ndi wolemera sapita kutali. Amamira pansi pa nsangalabwi n'kukakhala pathanthwe pamodzi ndi mchenga wakuda, makamaka pamene mtsinje wakhota.

Lameck anayamba kutsuka mchenga wa m'maenjemo ndi beseni, koma ankangopeza timadontho tosakwana n'kugula sopo. Tsiku lina akuzamitsa chitsime cha m'dimba, fosholo inatulutsa miyala yobulungira.

"Amayi a Sungani, mtsinje kale unkadutsa pano," anatero. "Golide ali pansi pa nyembazi."

"Nanga tikakumba, tidya chiyani?"

"Dothi ndiliunjika pambali. Ndikatha ndibwezera momwe linalili."

Dailesi anakana chilimwe chonse. Koma mwamunayo anali atasiya kudya bwino, akungokhala pakhonde ngati mlendo. Pomaliza anamumvera chisoni n'kulola.

Lameck anaitana msuweni wake Foster. Anachotsa dothi lakuda lija, kenako dongo, kenako nsangalabwi zofika m'chiuno. Anakumba ngalande n'kupatutsa madzi a mtsinje kuti azitsukira mchenga. Atatsala pang'ono kufika pathanthwe, piki inaboola mphako. M'katimo munali mitengo yovunda yochirikizira ndi mutu wa fosholo wadzimbiri. Anthu akale aja anali atadzera pansi kuchokera kumaenje awo, n'kukokolola mchenga wonse wapathanthwe.

Foster anatola malaya ake. "Pepani dada, anatitsogolera," anatero, n'kumapita.

Mvula inabwera msanga chaka chimenecho. Madzi analowa mu ngalande ya Lameck n'kutenga mulu wonse wa dothi. Pamalopo panatsala miyala ndi zithaphwi.

Dailesi sanamukalipire. Anayamba kulima ganyu m'madimba a anzake. Lameck ankalephera kumuyang'ana kumaso, ndipo mvula isanathe anawoloka malire kupita ku migodi ya ku Chunya, ati akapeze zogulira malo ena.

Anakhalako zaka zambiri. Mwana wawo Sungani anakwatiwa iye kulibe. Pobwera anali wowonda, akutsokomola fumbi la m'migodi, moti kuchokera pamsewu anachita kumunyamula panjinga.

Tsiku lina m'mawa anapempha kuti akaone dimba. Dailesi anamugwira mkono, akupumira m'njira. Anapeza patamera tsekera, ng'ombe za eni zikumwa m'dzenje.

"Ndimati mwina dothi linabwerera," anatero Lameck.

"Silinabwerere, bambo a Sungani."

Lameck anakhala pamwala n'kuyamba kulira mosatulutsa mawu. Dailesi anadikira mpaka atamaliza, n'kumudzutsa kuti dzuwa lisamupweteke. Anamusamalira mpaka mwezi wa masika, pamene Lameck anamwalira.