Thabwa la Paini la ku Chambe

Ndine ndinamuuza Marjory kuti atenge ya thabwa. Zimenezo sindikana.

Mwana wangayu ali Folomu 4, ndipo ku kalabu ya kusukulu kwawo ku Thuchila amapanga maroboti, tizigalimoto toyenda tokha. Pokonzekera mpikisano wa ku Blantyre, aphunzitsi anati asankhe chasisi, pomangirira matayala ndi mota paja: ya pulasitiki yobwera m'katoni, imene aliyense amatenga, kapena yopanga okha.

Bambo ake, a Yosefe, anali kalipentala ku esiteti ya tiyi mpaka sitiroko inawapha dzanja lamanja. Zaka ziwiri ali chikhalire pakhonde. Atamva nkhaniyi anaitanitsa thabwa la paini la ku Chambe, n'kuyamba kupala ndi lamanzere. Masabata atatu. Ankadya, ankasamba osawakakamiza.

"Amayi, ya m'katoni ndi yoyeza kale," anatero Marjory tikuchapa. "Singandigwetse."

"Iwe, bambo ako adzuka chifukwa cha kathabwa kameneka. Ukawauze wekha kuti ukufuna pulasitiki."

Sanakawauze.

Sabata ya mpikisano kunachita chiperoni masiku anayi, nyumba yonse chinyontho chokhachokha. Ku Blantyre ndinapita naye Marjory. Pakhomo la holo amaika bokosi loyezera: roboti ikalowamo ipikisane, ikakana basi. Yathu inakana. Thabwa linali litafufuma, pang'ono pokha ngati chikhadabo.

"Bwana, ndibwerekeni mpeni ndipale pompano," ndinamuuza woyezayo.

"Mayi, pano si pamsika poti tinenerere. Nthawi yoyeza yatha."

Marjory anakhala pabenchi tsiku lonse, roboti ili pamiyendo, kuonerera za pulasitiki zikuthamanga. Anzake awiri a m'kalabu sanamulankhule. Mu minibasi pobwerera, iyenso sanandilankhule ine.

Tinapeza a Yosefe ali pakhonde, atavala malaya a kutchalitchi.

"Nanga a injiniya, mwawasiya pati opikisana nanu?"

"Sinalowe m'bokosi, ababa."

A Yosefe anaitenga robotiyo n'kuiyeza ndi tepi. Anayezanso. Kenako anati, "Make Marjory, ndipatseni puleni ndipale."

"Musavutike, ababa," anatero mwanayo. "Chaka chamawa ine kulibe kusukulu."

Ngati anamva, kaya. Dzanja anali atatambasula kale.

Ndinalowa m'nyumba kukatenga puleniyo, poti china choti ndichite sindinachione. Ndinawagwirira thabwalo iwo akupala, Marjory ali chiimire pabwalo, chikwama chikadali kumsana.