Banja Limene Linafufutidwa m'Kaundula

"Mayi, inu kuno kulibeko. Munafufutidwa m'kaundula miyezi inayi yapitayo."

Anatero kalaliki kuuza Dalanda Sow. Dalanda anabwera ku ofesi ya khonsolo ya Saint-Josse, katauni ka mumzinda wa Brussels, kudzangokonzetsa chiphaso chokhalira m'dziko, chomwe chinatsala ndi milungu isanu kuti chithe ntchito. Popanda chiphasocho, iye, mwamuna wake Thierno ndi ana awo awiri akanasanduka alendo osaloledwa mu Brussels, atakhalamo zaka zisanu ndi chimodzi.

"Kulibeko bwanji, bambo, pamene ndaima pamaso panu?"

"Mutasamuka, wapolisi wa m'dera lanu anafika katatu kudzaona ngati mumakhaladi panyumba imene munalembetsa," anatero kalaliki. "Dzina lanu pabelu la pakhomo palibe, pabokosi la makalata palibe, chitseko sichinatsegulidwe."

Dalanda anamuona ndithu wapolisiyo pazenera maulendo onse atatu, ndipo maulendo onsewo anazimitsa wailesi n'kutseka ana pakamwa. Kwawo ku Conakry, wapolisi akagogoda sabwera ndi moni. Komanso mwininyumba, amene anadula nyumba ya banja limodzi kukhala zipinda khumi ndi chimodzi, anawalangiza mokoma kuti asalembe dzina pakhomo, ati aboma amavuta.

Atafika kunyumba anapeza Bambo Driss, oyandikana nawo, atakhala pampando pakhonde. Iwowa anapuma ntchito yoyendetsa sitima za m'tauni, ndipo tsopano ntchito yawo inali kudziwa za aliyense mumsewumo.

"Mwanangu, wakumana ndi mzukwa?"

"Mzukwawo ndi ine, malume. Boma likuti kulibeko."

Atamva nkhani yonse, Bambo Driss anagwira pamutu. "Unabisala? Katatu? Iwe, munthu ameneyo sabwera kudzagwira anthu. Amabwera kudzachitira umboni kuti ulipo." Anadzuka n'kuloza mabelu a pakhomo pawo, pomwe timapepala ta mayina tinamatidwa kena pamwamba pa kanzake. "Ukamatula apa upeza Ataliyana ndi Aspanya. Pamwamba pawo ife a ku Morocco ndi a ku Turkey, amene tinabwera kudzakumba ndi kumanga. Kenako a ku Congo, a ku Bulgaria, ndi inu. Katauni kano umakadutsa wapansi tiyi asanazizire, koma tadzazanamo ngati machesi m'bokosi. Wosalemba dzina, amudziwa ndani?"

"Ndiye atithamangitsa?"

"Ukagona, inde. Sonkhanitsa chilichonse chosonyeza kuti simunachoke: pangano la lendi, makalata a kusukulu kwa ana, mapepala a kuntchito kwa Thierno. Ukapemphe kuti akulembeninso. Koma yamba ndi dzina pabelu, lero lomwe."

Dalanda atamufotokozera zimenezi, Thierno anachita mantha. "Mwininyumba akatitulutsa, tikagona kuti?"

"Pangano la lendi tili nalo," anayankha Dalanda, cholembera chili kale m'manja. "Chiphaso ndiye tilibe."

Patapita masiku khumi belu linalira. Ulendo uno Dalanda anatsegula. Anali wapolisi yemwe uja, mayi wamfupi wotchedwa Nurten.

"Kodi ndi inu a wailesi yozima yokha?" anafunsa akuseka. "Musachite manyazi. Ine ndinabadwira mumsewu uno. Bambo anga atangofika kumene, wapolisi atagogoda analowa pansi pa bedi, mapazi ali panja."

Anaona zipinda, analemba zolemba zake, kenako anaima pamakwerero n'kuwerenga zitseko. Kuseka kunatha. "Zitseko khumi ndi chimodzi, koma m'kaundula muli mabanja atatu okha."

Dalanda anazindikira kuti mayi woyembekezera wa chipinda chapamwamba, nkhalamba ya ku Bulgaria yodwala shuga, ndi onse amene ankapatsana nawo moni tsiku ndi tsiku, boma silinkawadziwa, kapena linawafufuta ngati iye. Eni ake sankadziwa kanthu. Masana omwewo anayenda chitseko ndi chitseko, Bambo Driss akumasulira pomwe chinenero chavuta, mpaka onse anapangana tsiku lopitira limodzi ku khonsolo ndi ku bungwe lothandiza anthu ochita lendi.

Banja la Sow linalembedwanso, ndipo chiphaso chinatuluka kutatsala masiku anayi kuti chakale chithe ntchito. Mwininyumba, yemwe anazolowera kuopseza ena, anaitanidwa kuti akafotokoze za zipinda zake.

Masiku ano galimoto ya katundu ikaima mumsewumo, Dalanda sadikira kuti obwerawo atsitse n'komwe. Amawauza kuti: "Mukasamuka, kalembetseni ku khonsolo msanga. Lembani dzina pabelu ndi pabokosi la makalata. Wapolisi wa m'dera akagogoda, tsegulani. Munthu wokuuzani kuti mubise dzina lanu sakuteteza inu, akudziteteza yekha."