Chaka Chimene Tinawotha Ngalawa

Mwamuna wanga Hrafn ankaikonda ngalawa yake moti ine ndinkaitchula kuti mkazi mnzanga. Chisanu chikayandikira ankaikokera kumtunda, n'kuipaka phula, n'kuifunditsa zikopa zimene bwenzi tikufunda ife.

Chaka chimenecho kuzizira kunabwera msanga. Mvula inali itanyowetsa zibuma za dothi loyaka zimene timasonkhera moto, ndipo mitengo kwathu kuno kulibe. Chipale chofewa chinakwirira nyumba mpaka padenga. Tinalowetsa ng'ombe ndi nkhosa m'nyumba kuti zizitifunditsa ndi mpweya wawo. Tinkagona mothithikana, ife awiri, mwana wathu Gyda ndi apongozi anga a Thorgerd, titafunda zaubweya pamwamba pa zaubweya. Nsomba zouma ndi chambiko zinalipo. Chimene chinatithera ndi moto. Tinasonkhera ndowe, kenako mafupa, kenako mipando.

M'kati mwa mavutowo ndinabereka mwana wina wamkazi. Tsiku lina m'mawa ndinapeza milomo yake itada bii, akulira ngati kamphaka.

"Bambo a Gyda, taonani mwanayu," ndinatero.

Hrafn anangomuyang'ana mwanayo.

Apongozi anadzuka. "Iwe Hrafn, ngalawa ija idzandiberekera zidzukulu? Kapena nditenge nkhwangwa ndipite ndekha?"

"Mayi, popanda ngalawa ndine ndani ine?"

"Ndiwe bambo wa mwana akuumayu. Nyamuka!"

Hrafn anakumba njira m'chipale pakhomo n'kutuluka. Posakhalitsa tinamva nkhwangwa ikulira mumphepo. Anabwera ndi nkhafi poyamba, ndevu zili mbuu ndi chisanu, kenako matabwa. Koma matabwa aphula kuyaka kwake! Nyumba inafunda, makoma anayamba kudontha, ndipo khanda linakoka bere mwamphamvu mpaka ndinakuwa. Apongozi anaseka mpaka kutsokomola.

Tinkasonkhera mosamala, thabwa limodzilimodzi, mpaka madzi oundana anasweka panyanja.

Mnansi wathu Ottar anafika ndi fosholo paphewa, poganiza kuti akudzaika maliro. Anatipeza tonse panja tikuwothera dzuwa, ng'ombe zikudzandira kulowera kumsipu.

"Muli moyo nonse? Nanga ngalawa ili kuti, achimwene?"

"Tinaiwotha!" anatero Hrafn, akukweza khandalo m'mwamba. "Kasuzumire m'nyumbamo ngati upezamo maliro. Sinafe ngakhale nkhosa!"

Tsiku lomwelo Hrafn anasefa phulusa lonse, akutola misomali ya ngalawa ija uku akuimba, ndipo Ottar asanachoke anamufunsa gombe limene mafunde anatayako mitengo yaitali chaka chino, yoti akhomere ngalawa ina.