Mchira wa ku Abisiniya

Godwin anaunyamula ndi kamtengo ngati njoka yakufa n'kuuponya pabwalo. Unali mchira wotuwa, wokulungidwa waya kogwirira. Anaupeza pansi pa mphasa ya bambo ake, a Yoswa, patangotha masiku atatu chiwaikire m'manda.

"Tiuwotche," anatero, akupisa m'thumba kufuna machesi. "Zaka zonsezi madala akudya mgonero ku Mvera, chonsecho akugonera mchira wa asing'anga. Anthu akamva, ukulu wanga wa mpingo ukhala wa chiyani?"

Rute, mlongo wake amene anadwazika nkhalambayo mpaka kutsirizika, anaika pansi lichero la mtedza. Mtima unamuwawa. Malaya ndi makasu abale anali atagawana kale, ndipo chinthu chokhacho chimene chinkanunkhabe m'manja mwa bambo ake ndi chimene chinali padothicho.

"Achimwene, ku Mponela kumene mumakhalako si kutali, koma kuno mumafika pa Khirisimasi basi. Munawafunsapo?"

"Ndifunse zithumwa?"

"Ndi wa kavalo umenewo."

Godwin anayang'ananso mchira uja, bokosi la machesi lili m'manja.

Rute anafotokoza monga ankafotokozera eniakewo, osathamanga. A Yoswa anapita kunkhondo ya ku Abisiniya ndevu zisanamere, kavalo asanamuonepo chibadwire. Tsiku lina m'mamawa nthaka inayamba kunjenjemera. Mufumbi munatuluka akavalo osawerengeka, okwerapo atasolola malupanga, akuthamangira pakamwa pa mfuti. A Yoswa anatsinzina n'kuwomba. Fumbi litatha, pafupi ndi dzenje lawo panagona kavalo wotuwa, mwini wake atafa kale, iye akupumabe, ntchentche zitadzaza m'maso.

"Anzawo akutola malupanga, iwo anakhala pansi n'kumamuingitsira ntchentche ndi chipewa mpaka anafa dzuwa lili paliwombo. Kenako anadula mchirawu. Ankati, wokwerayo ankadziwa chimene anadzera, nanga nyamayi inalakwanji?"

"Ine sanandiuzepo zimenezi."

"Inu munkafunsa za mamendulo."

Godwin anayang'ana kumapiri a Ntchisi nthawi yaitali. Anawasowa bambo ake, ndipo chinamupweteka kwambiri n'chakuti woti amufunse panalibenso.

"Nanga ankausungiranji?" anafunsa motsitsa mawu.

Rute analoza ndi mlomo kukhola. Kumeneko kunaima bulu wokalamba, amene anasiya kalekale kukoka ngolo koma a Yoswa ankakana kumugulitsa. Chichitikireni maliro ankangoima pampanda, mutu ataulozetsa kukhomo la nyumba, ntchentche zili mbwee m'maso.

Godwin anabweza machesi m'thumba. Anawerama n'kutola mchira uja, ulendo uno ndi dzanja, naupukuta fumbi pa buluku lake. Atafika pampanda anaukweza mosadziwa bwino kagwiridwe kake. Asanaugwedeze n'komwe, bulu uja anasendera, natsitsa mutu, n'kutsinzina.