Mitanda ya m'shedi mwa a Raston

Mpaka lero ndikaona a Eston akudutsa pakhomo pathu pa Dwangwa, mtima umandiwawa. Ine ndine Rute, mkazi wa a Raston akalipentala. Zinachitika mu 1995, matipate atangoyamba, nthawi imene aliyense anali ndi pakamwa koma makutu atasowa.

Mzungu wina wokonza makina kufakitale ya shuga anabwera kwa amuna anga ndi chithunzi cha zinthu zoti amukhomere. Akuti kwawo madzi amaundana m'mapiri n'kuuma gwa, ndiye anthu amakwera pamenepo ndi tinkhwangwa tiwiri ta milomo yokhota. Ankaopa kuti kuno kotentha mikono imufooka. Bambo akunyumbawa anamukhomera m'shedi mwathu khoma la matabwa lopendekeka, mitanda yolendewera pa matcheni, ndi tinkhwangwa ta mipini ya mlombwa. Masana aliwonse mzunguyo ankadzitsekera mmenemo, kukola mtanda ndi kankhwangwa, n'kumalendewera uku akubuula ngati ng'ombe yodwala.

A Eston, aneba athu, anasuzumira pamng'alu. Kufunsa ayi. Pofika Loweruka msika wonse unali utamva zoti a Raston akukonzera a chipani chakale malo opachikirapo anthu.

Lolemba m'mawa, mzungu ali ku Lilongwe, kunafika chigulu, wina atanyamula chigubu cha palafini. Shedi imeneyo ndiyo inkatidyetsa, ndipo zipangizo zonse za bambo zinali momwemo.

"Tsegulani tione!" anakuwa a Eston. "Nthawi yozunza anthu inatha!"

Bambo anatsegula. Anthu ataona matcheni aja anakuwa, "Si izi!" Ndinayesa kufotokoza za madzi oundana, koma anandiseka.

"Mayi inu, munthu n'kukwera madzi? Mukutiyesa ana?"

Wachigubu uja anali atayamba kale kutsegula chitsekerero. Apo bambo, munthu wosayankhulayankhula, anavula malaya. Anatola kankhwangwa n'kuyesa kukweza mkono wamanzere kuti akole mtanda. Mkono unangofika msinkhu wa phewa, osapitirira. Kenako anatembenuka kuti onse aone zipsera za kumsana.

"Mu 1983 anyamata a chipani anandipeza pamsika ndilibe khadi," anatero. "Masiku atatu ndili lende pamtanda. Ndani wa inu anabwera ndi palafini nthawi imeneyo?"

Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, chigubu anachisiya pomwepo.

Koma Liness ndi Fidelis, ana athu, anali ataima pakhonde. Zaka zonsezi bambo awo ankawauza kuti mkonowo unalemala atagwa padenga akukhoma malata, ndipo malaya sankavula pamaso pawo. Anandilumbiritsa kuti anawo asadzamve kuti bambo awo anapachikidwapo ngati mbuzi yosenda. Shedi inapulumuka, inde, koma chinthu chimodzi chomwe munthuyu anasunga zaka khumi ndi ziwiri anamulanda pagulu chifukwa cha miseche.

A Eston sanapepese. Lachitatu anabwera kudzabwereka sowo ngati palibe chachitika. Ine ndinalowa m'nyumba kuopa kutukwana. Bambo anawapatsa, ndi dzanja lamanja, lomwe limagwira.