Mbale za m'Kabati ya a Jailosi

Dyna anaikhazika mbaleyo pansonga za zala zitatu, monga anam'phunzitsira bambo ake, n'kuigogoda m'mphepete ndi chikhadabo. Mbale yadothi ya ku China ikakhala yamoyo imalira ngati kabelu, liwu lake osafuna kutha msanga. Iyi inangoti gu.

Anagogodanso. Gu.

Kunja kunkazizira monga kumakhalira ku Mwanza mwezi wa Juni. Kunali kutatsala ola limodzi kuti a Swaibu, ogula zinthu zamakedzana ochokera ku Limbe, afike. Ndipo kuti amayi ake akhalebe m'nyumba imeneyi kapena atulutsidwe, yankho linali m'mbale zomwezi.

Nkhani yake inayenda motere. A Jailosi, bambo ake a Dyna, anamwalira iye ali ku Joni kumene amasamalira nkhalamba za eni. Basi inachedwa m'njira, ndipo pamene ankadinditsa pasipoti pa Zobue, malemu anali atagona kale m'manda masiku awiri. Anafikira pa mwambo wa kusesa, n'kupeza a Petro, mng'ono wa malemu, atayala kale nkhani ya nyumba pamphasa, misozi isanaume n'komwe. Puloti inali m'dzina la bambo awo a anthu awiriwa, ndipo a Petro anali atapeza kale munthu wofuna kumangapo resitihausi ya madalaivala a mathiraki. Mayi wamasiye, a Enelesi, abwerere kwawo kwa Kanduku. Kwawo kuti? Munthu anachokako zaka makumi anayi zapitazo, munda wake anagawana kalekale, ngakhale pomanga khola la nkhuku analibe.

Tsikulo Dyna anaimirira pakati pa anthu, fumbi la ulendo lidakali kumapazi.

"Bambo aang'ono, tengani mbale zonse za m'kabati. Nyumba muwasiyire amayi."

A Petro anaseka. "Mbale? Ndidye mbale ine?"

"Itanani wodziwa adzazione. Zikapanda kuposa mtengo wa puloti, ine sindidzatsegulanso pakamwa."

Anagwirizana pamaso pa mboni. Dyna ankadziwa chimene ankanena. Bambo ake anayamba kutolera mbalezi nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, pamene anthu ankawoloka malire ndi mitolo pamutu, ena atakulunga mu zitenje mbale zochokera m'nyumba zakale za Apwitikizi ku Tete. Anasonkhanitsa zokwana makumi anayi ndi zitatu, anthu akuwaseka kuti a Jailosi apenga ndi mbale zosadyera. Kiyi wa kabati ankayenda naye m'thumba. Mwana yekhayo amene anamulola kuzigwira anali Dyna, ndipo lamulo loyamba limene anam'patsa linali lakuti mbale imene sunaigwire m'manja usaitchulire mtengo. Koma tsiku la kusesa lija Dyna anangosuzumira pagalasi, n'kuona zonse zili m'malo mwake, basi n'kulumbira. Kiyi anam'pempha kwa amayi ake m'mawa uno.

Anatulutsa yachiwiri, yachitatu, yachinayi. Anapita nazo pawindo n'kumaziyang'anitsa dzuwa. Ming'alu yatsopano, yopyapyala ngati tsitsi, inali itamwa mafuta mpaka kuda. Kenako anatulutsa yaikulu ija, yamaluwa ofiirira ndi mzere wa golide m'mphepete, imene bambo ake ankati payokha ikhoza kugula galimoto. Mayo ine! Golide panalibe. Maluwa anali atangotsala zithunzithunzi, pamwamba ponse pali tizikanda tozungulira.

"Odi m'nyumba muno!"

Anali mayi Lucia, apampando a amayi a mphakati, atabwera kudzatenga chidebe chawo. Atamuona Dyna ndi mbale m'manja nkhope yawo inawala.

"Eya, mwana wathu, waziona? Palibe yosweka ngakhale imodzi. Ndinaimirira ndekha pathandala, ndikuwerenga."

"Pathandala?"

"Nanga anthu aja akadadyera pati? Khamu linalipo pano, iwe! A pamalire, a pa Boma, ena ochokera ku Zobue. Amayi ako anatitsegulira kabati, ife n'kupakulira anthu nyemba. Koma litsiro lake mbalezi, abale! Zaka ndi zaka zosaona madzi. Yaikuluyo inali ndi chikasu china chake m'mphepetemu chokanirira. Tinaiviika m'madzi owira, tinaikwecha ndi mchenga ndi phulusa, osachoka. Mpaka ndinachita kutuma munthu kukagula waya wotsukira mapoto. Ona m'mene yayerera."

Ankalankhula monyadira, mayi wachifundo amene anagona pansi m'nyumba ya siwa masiku atatu, msana ukuwawa. Ukanawatani?

"Zikomo, amayi," anatero Dyna. "Mwagwira ntchito."

A Swaibu anafika nthawi yomwe ananena, bambo wamfupi wa chipewa choyera, chikwama chachikopa kukhwapa. Anapepesa maliro mwaulemu, n'kuvula nsapato pakhomo. A Petro analowa pambuyo pawo atavala jekete la malemu, manja ake akuwapitirira zala. A Enelesi anatuluka kuchipinda ndi mpango wakuda kumutu n'kukhala pamkeka pakona.

Mlendoyo anayala bulangete patebulo. M'chikwama anatulutsamo katochi, galasi lokuzira zinthu ndi singano. Mbale iliyonse ankayamba waitembenuza, kuona kunsi kwake ndi zilembo za Chitchaina, kenako kuigogoda, kuiunika ndi tochi kuseri, n'kuyendetsa singano pang'onopang'ono m'mphepete kuti amve pobenthuka. Yabwino ankaika kudzanja lamanja, yowonongeka kumanzere. Kumanzere mulu unkangokula.

"Nanga bwanji simukulankhula, achimwene?" anafunsa a Petro. "Ife sitinabwere kudzaonera matsenga."

"Pepani, bambo. Mbale sithamangiridwa."

Atafika pa yaikulu ija anaigwira nthawi yaitali. Anavula magalasi, anapukuta m'maso.

"Iyi ndikuidziwa," anatero motsitsa. "Ndinabwera pano zaka zisanu zapitazo. Malemu anandionetsa, koma kugulitsa anakana, ngakhale ndinachita kuwagwadira. Yadutsa zaka mazana awiri, yawoloka nyanja, yapulumuka nkhondo. Waichita zimenezi ndani?"



"Taonani, bambo," anapitiriza, akulozera a Petro. "Utoto wabuluu uwu uli mkati, pansi pa kunyezimiraku, suchoka. Koma wofiirawu ndi golide ankapaka pamwamba. Ukakwecha, wapita, ndipo palibe mmisiri padziko amene angaubweze. Izi zinali zolumikiza kalekale ndi timawaya, madzi otentha azimasula. Izi zang'aluka ndi chakudya chamoto. Zamoyo ndapeza zisanu ndi imodzi, zing'onozing'ono."

"Mtengo," anatero a Petro.

A Swaibu anautchula. Sunkakwana ngakhale malata a khonde.

"Zikadakhala monga ndinazionera poyamba paja, ndikadakuuzani kuti ine ndekha sindingakwanitse, tiitane anzanga a kunja. Pepani kwambiri, mayi."

A Petro anaimirira, n'kukutumula jekete ngati lagwera nyerere.

"Wamva, Dyna? Mawu anali ako, mboni zilipo. Ine ndiye mwandipusitsa mokwanira."

"Bambo aang'ono, chonde. Tipatseni chaka chimodzi. Ndibwerera ku Joni, ndizitumiza mwezi ndi mwezi."

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwana wanga. Ine ndili ndi ana asanu ndi awiri, nyumba yanga ikudontha. Achimwene anakhala pa puloti ya bambo athu moyo wawo wonse, ine osatsegula pakamwa. Ankagula mbale ine ndikusowa feteleza. Lero ndikhalenso chete?" Anatembenukira pakona. "Alamu, mwezi ukatha munthu uja abwera ndi amisiri. Muyambe kulongedza."

Anatuluka. A Swaibu analongedza tochi yawo mwakachetechete, nanena kuti zisanu ndi imodzi zija sazitenga lero, banja liyambe lapuma. Galimoto yawo itazimiririka, m'nyumba munangotsala phokoso la mathiraki olowera kumalire.

Dyna anali atadzigwira kuyambira m'mawa. Tsopano zinamuphulika.

"Amayi, mwatani? Mwagulitsa nyumba ndi nyemba! Mudzi wonsewu munasowa mbale zapulasitiki? Kutchalitchi kulibe mbale? Zaka zonsezi abambo sanakuloleni ngakhale kupukuta fumbi, inu mwangoona kuti atseka maso basi n'kutsegula kabati. Ndipo ine ndikulumbira pamaso pa anthu, inu muli phee, osandikoka ngakhale chitenje!"

A Enelesi anali akulira, koma mopanda mawu.

"Ndimati poti sizinasweke ndiye kuti zili bwino," anatero. "Lucia anawerenga, zinakwana. Za golidezo ine ndikadazidziwira kuti? Bambo ako anaphunzitsa iwe, ine ayi."

Mawuwo anam'lasa Dyna, chifukwa anali oona. Akadapempha kiyi tsiku lija, akadaona, akadapeza njira ina yokambira ndi a Petro. Anakhala pansi pafupi ndi tebulo, manyazi ndi mkwiyo zikulimbana m'chifuwa.

"Komabe munatsegulira chiyani?"

"Anandituma ndi bambo ako."

Dyna anadzutsa mutu.

"Kuchipatala, Lolemba masana. Anandiuza kuti ndipise m'thumba la buluku lawo. Nditatulutsa kiyi, anam'manga okha pansonga ya chitenje changa, mfundo ziwiri." A Enelesi anapukuta mphuno. "Iwe ukudziwa kuti ali mnyamata ankagwira ntchito ku Tete. Sanakuuze ntchito yake. Anali wotsuka mbale m'nyumba ya Mpwitikizi wina. Zaka zisanu ndi chimodzi akutsuka mbale zonga zimenezi, m'mawa, masana, madzulo. Iwo ankadyera pachivundikiro cha chitini cha penti, kuseri kwa khitchini. Galu wa m'nyumbamo anali ndi mbale yakeyake yadothi, yamaluwa. Tsiku lina dona, mkazi wa Mpwitikiziyo, anawapeza akulawa msuzi wotsala m'mbale ya patebulo. Anaiswa mbaleyo pamaso pawo, akuti yadetsedwa, n'kuwadula malipiro a miyezi itatu."

"Sanandiuzepo."

"Ankachita manyazi. Ine anandiuza kamodzi tisanakwatirane, kachiwiri Lolemba lija. Anati, Enelesi, ndazisunga mokwanira. Pa maliro anga pasapezeke munthu wodyera pachivundikiro kapena patsamba. Utsegule kabati, aliyense adyere m'mbale ya bwana. Wina akaswa, usam'kalipire."

Dyna anayang'ana mulu wa kumanzere uja. Ankawadziwa bambo ake ngati munthu wouma, wokonda zinthu zake kuposa anthu. Ngakhale iye, mwana wawo, ankaganiza choncho.

"Yaikuluyi anadyeramo ndani?"

"Inapita kumanda, kwa adzukulu. Anachita kutchula okha kuti okumba dzenje ayambe ndiwo. Itabwerako tinam'pakulira Kinsley, wozungulira mutu uja amagona pansi pa mathiraki. Bambo ako anati akabwera musam'thamangitse, mum'khazike pampando."

"Anakhala?"

"Anakhala. Anasamba m'manja kawiri asanaigwire."

Kunja mayi wina ankaitanira manachesi pamsewu.

"Amayi," anatero Dyna, mawu atatsika, "mukadadziwa kuti nyumba ipita, mukadatsegula?"

A Enelesi anayang'ana makoma, denga limene anakhoma ndi amuna awo chaka cha njala, pakona pamene Dyna anaphunzirira kuyenda.

"Ndikuopa kwa Kanduku, mwana wanga. Ndakalamba, sindidziwa kuti ndikagona m'nyumba ya yani. Ndikadalira, monga ndikuliramu." Anapumira m'mwamba. "Koma ndikadatsegula."

Anadzuka movutika, dzanja lili pabondo. Dyna anaganiza kuti akupita kuchipinda, koma anafika patebulo n'kunyamula mbale yaikulu ija ndi manja awiri. Kabati inali yotsegula pambali pawo. Anaidutsa, n'kutuluka nayo pakhomo la kuseri. Dyna anawaona pawindo akusendeza poto ndi makapu apulasitiki pathandala kuti ipeze malo, n'kuivundikira pomwepo pamodzi ndi ziwiya za tsiku ndi tsiku.

Atabwerera anafunsa, "Kodi Kinsley wam'ona lero? Nthawi ngati ino bambo ako amakhala atam'tumizira kale chakudya."