Mayina a m'nyimbo ya thonje

Mayi anga, a Felizarda, ankaimba nyimbo imodzi yokha, ndipo ankaiimba posankha thonje basi. Tikakhala pamkeka kupatula loyera ndi lakuda, iwo ankatchula mayina a abale awo a ku Mozambique, amene anamenyedwa ndi mbalamatodya, kathabwa komenyera m'manja, nthawi imene Apwitikizi ankalimitsa anthu thonje mokakamiza. Akatchula dzina, ife ana tinkavomera kuti, "Thonje layera, manja afiira." Mwambo wake unali womwewo: mayina ndi a wotsogolera, ntchito ya ana ndi kuvomera. Ndiye mayinawo sitinawasunge.

Thonjelo tinalisiya kalekale. Mankhwala anadula, ogula n'kumabwera mochedwa ndi mitengo yachipongwe, ife n'kubzala nandolo. Nyimbo ija inatha ndi munda womwe.

Kenako kunabwera Kinsley, mwana wa achimwene a amuna anga, uja amadzitcha woimba ku Blantyre. Anawagwadira mayi ngati munthu waulemu, ati akufuna kusunga mbiri. Mayi anamuuza kuti saimba manja ali chabe. Tinachita kung'amba pilo wakale kuti apeze thonje logwira. Mayi anaimba mpaka kumapeto, mayina onse, iye akujambula pafoni.

Mayi anamwalira mvula isanagwe. Chaka chino tikumanga chiliza chawo, ndipo ine ndinafuna kuti mayina aja alembedwe pansi pa dzina lawo, poti anthuwo manda awo sitikuwadziwa. Ndinamuimbira Kinsley.

"Anti, nyimbo ija inatuluka," anatero. "Ili pa intaneti, mukhoza kugula."

Kugula mawu a mayi anga! Ndinaluma mano, n'kukwera pikapu ya ku Thambani mpaka pa Boma. Pafupi ndi msika pali Dyna, mtsikana amene amaikira anthu nyimbo m'mamemore khadi. Anafufuza pakompyuta yake n'kupukusa mutu.

"Imeneyi ilibe yaulere, mayi. Amagulitsa pa webusaiti, mumalipira ndi ndalama za pafoni."

Ndinamupatsa foni, analipira, n'kundiveka mahedifoni.

Zinayamba ng'oma za makina, du du du, ngati galimoto yonyamula katundu ikudutsa pamlatho. Kinsley n'kumadzitchula dzina lake kangapo konse. Kenako mawu a mayi, omwe aja, onjenjemera: "Thonje layera, manja afiira." Mtima unandiwawa. Ndinadikira mayina. Mawu omwewo anabwerezanso, n'kubwerezanso, mpaka nyimbo inatha.

Ndinamuimbira ndili pomwepo. "Kinsley, mayina aja ali kuti?"

"Ndinawadula, anti. Amatalikitsa nyimbo. Anthu savina mayina."

"Nanga yoyamba ija, imene unajambula pakhonde?"

"Foni inadzaza, ndinafufuta. Koma gawo labwino ndi lomwelo latsalalo."

Gawo labwino. Gawo limene ndakhala ndikuliimba chiyambire ndili wamng'ono, limene ngakhale mbuzi za kwathu zikulidziwa. Ndinamutukwana, sindibisa, mpaka Dyna anatsitsa maso.

Wolemba pachiliza anabwera Loweruka. Analemba dzina la mayi, n'kuloza malo amene ndinamuuza kuti asiye m'munsimo.

"Apa tilembapo chiyani, mayi?"

Ndinayesa kukumbukira. Linabwera dzina limodzi lokha, Horacio, ndipo sindikudziwa ngati anali mlongo wa mayi kapena malume awo.

"Lembani limenelo," ndinatero. "Kwinako musiye choncho."